Mawu Achinsinsi ndi Kalembedwe ka Chinyanja: Chitsanzo cha Bwalo la Ndege la Mfuwe

M'nkhani ino tifuna kuunika m'mene kompyuta imatsimikizira munthu asanaigwiritse ntchito, ndiponso m'mene kalembedwe ka Chinyanja kamakhudzira ntchitoyi. Chitsanzo chathu ndi bwalo la ndege la Mfuwe m'boma la Mambwe, limene limayang'aniridwa ndi Zambia Airports Corporation, ndipo ndilo khomo la alendo opita ku South Luangwa National Park.

Kalaliki wolembetsa apaulendo pa bwalo lotere satsegula kaundula wa ndege mwachisawawa. Amayamba walemba dzina lake ndi mawu achinsinsi. Kachigawo ka pulogalamu kolondera khomo, kotchedwa login module, kamatenga mawuwo, n'kuwonjezerapo zilembo zina zapadera, n'kuwasandutsa mndandanda wa manambala umene sungabwezedwenso ku mawu oyamba aja. Mndandandawu ndiwo umafananizidwa ndi umene unasungidwa mu database. Choncho database yokonzedwa bwino sisunga mawu enieniwo. Njira imeneyi anailongosola Robert Morris ndi Ken Thompson mu 1979. Pofotokoza zonsezi Chinyanja sichisowa aneni: dzina ndi lozindikiritsa, mawu achinsinsi ndi otsimikiza, ndipo kuloleza kumadza pambuyo.

Vuto ndi lakuti kompyuta sifananiza katchulidwe kapena tanthauzo, koma manambala basi. ASCII, imene inakhazikitsidwa mu 1963, ili ndi malo a zizindikiro 128 zokha, ndipo ŵ mulibemo. Unicode inachilandira chilembochi, koma imalola kuchilemba m'njira ziwiri: monga chizindikiro chimodzi, kapena monga w wotsatidwa ndi kachipewa kake. Diso siliona kusiyana. Komabe manambala ake ndi osiyana, kotero kuti kalaliki angakanidwe kulowa ngakhale sanalakwitse kanthu, apaulendo ali pamzere, pokhapokha pulogalamu itayamba yasandutsa njira ziwirizi kukhala imodzi.

Chovuta koposa ndi ng'. M'chilankhulo cha SQL, chimene mapulogalamu amafunsira database, kachizindikiro kotsatira g aka kamatanthauza kuti mawu athera pomwepo. Dzina lakuti Ng'oma likalowetsedwa mosasamala limadula funso pakati, ndipo mpata womwewo ndi umene akuba amalowetserapo malamulo awo. Mankhwala ake ndi odziwika: dzina litumizidwe palokha, losasakanizidwa ndi lamulo. Koma olemba mapulogalamu ena amangoletsa kachizindikiroko, chimene ife tikuchiona kuti ndi ulesi chabe. Ng'oma ndi yoimba. Ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana imene alendo omwewo amadzaona m'chigwa cha Luangwa. Onse awiri ndi mayinanso a mabanja. Ngakhale mizere ya m'munsi mwa pasipoti, yowerengedwa ndi makina motsata malamulo a ICAO, imasiya kachizindikiroka, ndipo a Ng'oma amasanduka a NGOMA.

Tikawonjezerapo kuti sukulu za ku Zambia zimalemba c pamene za ku Malawi zimalemba ch, tikupeza kuti dzina limodzi lingalembedwe m'njira zingapo. Pa chifukwa chimenechi tikupempha kuti wantchito aliyense azizindikiridwa ndi nambala yakeyake, dzina lake lizisungidwa padera monga momwe mwiniwake amalilembera.