Belo yaperekedwa, koma mwana akadali ku Maula

Foni yalira usiku: mwana wanu ali m'chitokosi cha apolisi, akuti waba njinga. Mabanja ambiri amayamba n'kuthamangira ndalama, wina kugulitsa mbuzi, wina kukatenga katapila. Tadikirani kaye. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wapolisi wokuuzani kuti "ya fanta kaye" akupempha ziphuphu basi.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Ndiye kuti boma ndilo liyenera kufotokoza chifukwa: mwina athawa, aopseza mboni kapena asokoneza umboni. Munthuyo sanapezeke wolakwa ayi.

Koma pamene anthu osauka amagwera ndi kukhoti, belo itavomerezedwa kale. Majisitireti akhoza kulamula kuti mupereke ndalama, mubweretse anthu awiri omuimirira, musiye pasipoti, komanso kuti woganiziridwayo azikaonekera kupolisi masiku oikidwa. Kwa bwana wa ku Area 43 zonsezi zimatha dzuwa lisanalowe. Nanga wakabaza wa ku Mgona, amene tsiku likamuyendera amapeza ya ufa ndi bonya? Mukamutchulira K100,000 mwamukaniza belo, kungoti mwaulemu. Amabwerera kurimandi, ntchito n'kutha, lendi n'kumachuluka, ana n'kusiya sukulu, pa mlandu womwe mwina boma lidzausiya lokha. Lamulo loyendetsera milandu limanenatu kuti ndalama ya belo isakhale yopyola muyeso. Muyeso wa ndani? Ine ndimati wa thumba la woimbidwa mlanduyo.

Za kukaonekera kupolisizi timazipeputsanso. Ngati polisi ili kutali ndi mudzi, ulendo uliwonse ndi ndalama, ndipo akajomba, belo ikhoza kuthetsedwa.

Kuyambira 2010 lamulo linaika malire osungira munthu mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, ndi 90 pa milandu ikuluikulu ngati yakupha, ngakhale boma lingapemphe khoti kuti lionjezere. Lembani tsiku lomwe m'bale wanu anamangidwa, muziwerenga. Kukhoti auze majisitireti mosabisa ndalama zomwe amapeza ndi mtunda wa kupolisi, apemphe kuti amuchepetsere. Zikakanika, nkhaniyo ikhoza kupita ku High Court, ndipo a Legal Aid Bureau alipo kuthandiza osakwanitsa kulipira loya.