Nkhondo ya Makina a Maseŵera Inafika Mpaka ku Senga Bay

Madzulo ku Senga Bay, m'boma la Salima, asodzi akamakonza nyali zopitira panyanja, ana ena a sukulu amaunjikana m'tinyumba ta maseŵera a pakanema, kulipira kuti amenye mpira ndi zala. Dzina lomwe amadziŵa ndi PlayStation, ndipo gwero lake lili kutali.

M'chaka cha 2000 kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa PlayStation 2. Kuchenjera kwake kunali kwakuti makinawo ankaonetsanso mafilimu a DVD, choncho kholo linkagula chinthu chimodzi cha ntchito ziŵiri. Sega inagonja mu 2001, nileka kupanga Dreamcast. Chaka chomwecho Microsoft inatulutsa Xbox, Nintendo nayo GameCube, koma panalibe anagulitsa makina okwana 25 miliyoni, pamene Sony inapyola 155 miliyoni.

Eni ake kunjako atatopa nawo, makinawo anatsikira kuno monga kaunjika. Mwini kanyumba sasamala za chatsopano. Amafuna makina oti chogwirira chikathyoka, china achipeze msanga ku Lilongwe. Ndalama ya kope ikathera m'kanyumbamo, woyamba kuzindikira ndi mphunzitsi mmaŵa mwake.