Kuphunzitsa kagalu kudzithandiza panja kumatenga miyezi 4 mpaka 6, tina caka cathunthu

Kagalu ka mtundu waung'ono kamafuna miyezi 4 mpaka 6 ya kuphunzitsidwa tsiku ndi tsiku kuti kazolowere kudzithandiza panja, ndipo tina timafika caka cathunthu tisanasiye kuipitsa m'nyumba. Umu ndi mmene madokotala a ziweto ndi akatswiri a khalidwe la agalu amawerengera nthawi imeneyi. Iwo amacenjezanso kuti kumenya kagalu kamene kakodza pansi kumaonjezera miyezi m'malo moicepetsa.

Kumidzi nkhani imeneyi siivuta, cifukwa galu amagona panja, kulonda pakhomo ndi kupita kuuzimba. M'mizinda monga Lusaka, Chipata ndi Kitwe muli mabanja amene amasunga agalu ang'onoang'ono monga Maltese, Jack Russell, Pomeranian ndi Chihuahua m'nyumba momwe, ena mwa iwo m'nyumba za lendi zopanda bwalo lalikulu. Pakapita milungu ingapo fungo la mkodzo lili m'cipinda cocezera, mkangano umabuka pabanja kapena ndi eni nyumba. Kawirikawiri mlandu umagwera kagalu, kamene kamamangidwa panja kapena kuperekedwa kwa anthu ena nthawi yake yophunzira isanakwane.

Thupi la kagalu ndi msinkhu wake

Kagalu kakangobadwa sikatha kudzithandiza kokha. Amake amakanyambita pamimba kuti kakodze, ndipo amatero kwa milungu pafupifupi 3. Kakafika milungu 8 kamayamba kukonda mtundu umodzi wa malo odzithandizirapo, kaya ndi paudzu, padothi, pasimenti kapena pakapeti. Mphamvu yeniyeni yosunga mkodzo imayamba kuoneka pakati pa milungu 12 ndi 16. Kagalu ka milungu 9 kamene kakodza pakhomo sikacita mwano ai, thupi lake ndilo lisanakhwime.

Pali kawerengedwe kamene madokotala a ziweto amagwiritsa nchito pothandiza eni agalu. Kagalu kamatha kusunga mkodzo pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake. Ka miyezi 2 kangapirire maola 2, ka miyezi 4 kangapirire maola 4. Tiagalu ta mitundu ing'onoing'ono nthawi zambiri sitifika ngakhale pamenepo. Chihuahua wamkulu kawirikawiri sapitirira makilogalamu 3, cotero cikhodzodzo ca mwana wake ndi cacing'ono kwambiri. Thupi laling'ono limagayanso cakudya mofulumira, ndipo cifukwa tiagalu totere timafunika kudya katatu kapena kanai pa tsiku kuti shuga wa m'magazi asatsike, maulendo opita panja amaculuka.

Kafukufuku wina amene anafalitsidwa m'magazini ya Journal of Veterinary Behavior mu 2020 anafunsa eni agalu oposa 700. Anapeza kuti mwa agalu akuluakulu, 95 pa 100 alionse anali ataphunziratu kudzithandiza panja, pamene mwa agalu ang'onoang'ono anali pafupifupi 67 cabe pa 100 alionse.

Kusiyana kumeneku sikucokera m'thupi mokha. Galu wamkulu akakodza m'nyumba aliyense amaona msanga, koma mkodzo wa kagalu ndi wocepa ndipo ungaume kuseri kwa mpando popanda wina kudziwa. Kagaluko kamabwerera pomwepo mawa lake cifukwa ca fungo, ndipo cizolowezi cimakhazikika. Cina n'cakuti galu mwacibadwa saipitsa pamene amagona, koma kwa kagalu kakang'ono nyumba ya zipinda zitatu ndi malo aakulu, moti cipinda cakutali kamaciona ngati kunja. Eni ake ambiri amakondanso kukanyamula m'manja nthawi zonse, motero sikaphunzira kuyenda kokha kupita kucitseko.

Mmene miyezi imayendera

Kagalu kayenera kukhala ndi amake mpaka milungu 8, ndipo maphunziro amayamba tsiku limene kafika panyumba yatsopano. Kuyambira milungu 8 mpaka 12, nchito yonse ili m'manja mwa munthu. Kagalu kamatulutsidwa ola lililonse kapena maola awiri alionse masana, ndiponso kamodzi kapena kawiri usiku. Pa msinkhu umenewu kuipitsa m'nyumba kumacitika kawirikawiri ngakhale mwini wake atasamala.

Pa miyezi 3 mpaka 4 kamayamba kuonetsa zizindikiro monga kununkhiza pansi, kuzungulirazungulira, kulira kapena kusiya masewera mwadzidzidzi. Pa miyezi 4 mpaka 6 tiagalu tambiri timagona usiku wonse osadzuka ndipo timapita tokha kucitseko. Pakati pa miyezi 6 ndi 12 tina timaoneka ngati tabwerera m'mbuyo, makamaka tamphongo, timene timayamba kukweza mwendo ndi kudontheza mkodzo pamiyendo ya mipando poika cizindikiro ca malo ake. Khalidwe limeneli limabwera ndi kukula, ndipo kufula galu kumalicepetsa mwa agalu ambiri.

Akatswiri amati kagalu kaphunzira ngati katha mwezi wathunthu kapena iwiri osaipitsa m'nyumba. Mlungu umodzi wabwino si umboni wokwanira woti kapatsidwe ufulu woyenda m'zipinda zonse.

Zimene zimafupikitsa nthawi

Cacikulu ndi ndondomeko yosasinthasintha. Kagalu kamadya pa nthawi zofanana tsiku lililonse, ndipo mbale imacotsedwa kakamaliza. Kamatulutsidwa kakangodzuka m'mawa, kakadzuka kutulo ta masana, kakatha kusewera, pasanathe mphindi 30 kucokera pamene kadya, ndiponso banja lisanagone. Kamapita pamalo amodzimodzi nthawi zonse, podzera pacitseko cimodzimodzi, ndipo munthu amaima nako mpaka kamalize.

Kakadzithandiza pamalo oyenera kamayamikiridwa nthawi yomweyo ndi mau okoma kapena kacidutswa ka cakudya. Mphoto ikacedwa mpaka kalowe m'nyumba, kagalu kamaganiza kuti kayamikiridwa cifukwa colowa. Ngati palibe wokayang'anira, kamakhala m'kakhola kake kapena m'kacipinda kakang'ono kosavuta kukolopa, koma osapitirira maola amene msinkhu wake ulola. Kagalu kotsekeredwa tsiku lonse kamakakamizika kuipitsa pogona pake, ndipo kakazolowera zimenezo maphunziro amavuta kwambiri.

M'nyumba zambiri amene amatsala ndi kagalu masana ndi ana kapena wanchito wa panyumba. Onsewa ayenera kudziwa nthawi, malo ndi mau amodzimodzi. Ngati mmodzi akatulutsa panja, wina akayalira manyuzipepala m'khicini, wina n'kukakalipira, kagalu kamasokonezeka ndipo miyezi imaonjezeka. Manyuzipepala kapena timphasa togula m'sitolo timathandiza okhala m'nyumba zosanja, koma kagalu kozolowera zimenezi kamafunika kuphunzitsidwa kaciwiri kuti kasamukire panja.

Kumenya ndi kukhudzitsa mphuno pamkodzo

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kukhudzitsa mphuno ya kagalu pamkodzo kapena kukamenya ndi patapata kumakaphunzitsa. Madokotala a ziweto amatsutsa zimenezi. Galu sagwirizanitsa cilango ndi cinthu cimene anacita mphindi zingapo zapitazo. Cimene kagalu kamaphunzirapo ndi kuopa kudzithandiza munthu akuona. Zotsatira zake n'zakuti kamakana kukodza panja mwini wake ali pafupi, kenaka kamakabisala kunsi kwa bedi. Kwa kagalu kolemera kilogalamu imodzi kapena awiri, kumenya kungathyolenso fupa.

Munthu akakapeza kakuyamba kukodza m'nyumba, amakanyamula modekha n'kupita nako panja. Akapeza mkodzo pambuyo pake, amangopukuta. Tiagalu tina timadontheza mkodzo cifukwa ca cisangalalo kapena mantha mlendo akafika. Zimenezi kawirikawiri zimatha tikamakula, koma kukalipira kumazikulitsa.

Kapukutidwe nako n'kofunika. Mphuno ya galu imamva fungo limene munthu sangalimve, cotero malo oipitsidwa ayenera kutsukidwa bwino. Mankhwala okolopera okhala ndi ammonia sayenera, cifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limakopa kagalu kubwereranso. Mankhwala opangidwira kucotsa fungo la ziweto ndiwo amagwira bwino nchito, ndipo pamene palibe, sopo ndi madzi kenaka viniga wosungunula m'madzi amathandiza.

Nyengo ndi thanzi

Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, ndi kuzizira kwa June ndi July zimacedwetsa maphunziro. Tiagalu tating'ono timazizidwa msanga ndipo timakana kuponda udzu wonyowa. Malo ofoleredwa pafupi ndi khomo amathetsa vuto limeneli. M'nyengo yotentha ya October kagalu kamamwa madzi ambiri ndi kukodza kawirikawiri, koma kukamana madzi masana n'koopsa pa moyo wake.

Malo osankhidwa akhale mkati mwa mpanda, kumene agalu oyendayenda safika. Kagalu kamene sikanamalize akatemera kangatenge matenda a parvo, amene amafala kudzera m'cimbudzi ca agalu odwala ndipo amapha tiagalu tambiri. Katemera woyamba amaperekedwa pa milungu 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa mpaka milungu pafupifupi 16. Katemera wa ciwewe amayamba pa miyezi 3, ndipo lamulo la dziko lino la Control of Dogs Act limafuna kuti agalu azilembetsedwa ndi kulandira katemera ameneyu.

Nkhaniyi ikhudzanso thanzi la ana. Tiagalu tambiri timabadwa ndi njoka za m'mimba za mtundu wa Toxocara, ndipo mazira ake amatuluka m'cimbudzi n'kukhala m'dothi kwa nthawi yaitali. Mwana wokwawa kapena wosewera pansi akawameza angadwale, ndipo nthawi zina njokazi zimaononga diso. N'cifukwa cake cimbudzi ca galu ciyenera kuoledwa tsiku lililonse, ana azisamba m'manja, ndipo kagalu kazimwa mankhwala a njoka milungu iwiri iliyonse mpaka milungu 12, kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6.

Nthawi yoonana ndi dokotala

Si kuipitsa konse kumene kumacokera ku kusaphunzira. Kagalu kamene kakodza pang'onopang'ono pafupipafupi, kamene kalira pokodza, kamene mkodzo wake uli ndi magazi, kamene kadontha mkodzo kali mtulo, kapena kamene katsegula m'mimba, kafunika kupimidwa. Cimodzimodzinso kagalu kamene kanali kataphunzira kale koma kayambanso kuipitsa mwadzidzidzi. Matenda a m'cikhodzodzo amacizika ndi mankhwala, ndipo akapola maphunziro amapitirira pamene analekezera.

Thandizo limapezeka kumaofesi a boma oona za ziweto m'maboma, kuzipatala za ziweto zimene si za boma, ndiponso kucipatala ca sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa University of Zambia mu Lusaka. Ngati kagalu kakwanitsa caka kakuipitsabe m'nyumba ndipo dokotala sanapeze matenda, akatswiri amalangiza kuyambanso ndondomeko yonse monga ndi kagalu ka milungu 8, pakuti ngakhale galu wamkulu amatha kuphunzira. Banja limene likuganiza zotenga kagalu ka mtundu waung'ono liyambe lagwirizana za munthu amene adzakhala nako masana ndi amene adzadzuka usiku kwa miyezi 6 yoyambirira.