DOTOLO AMENE ANASANDUTSA NSENGWA KUKHALA MANKHWALA

Mwana akatupa mimba ca kumanzere, makolo ambiri m'midzi amadziwa kuti watupa kapamba, ndipo kawiri-kawiri cocititsa cake ndi malungo kapena likodzo. Koma ilipo nthenda ina yosaoneka-oneka yotupitsanso kapamba, imene mwana amacita kubadwa nayo. Dzina lake ndi nthenda ya Gaucher. Kwa zaka zoposa 100 inalibe mankhwala, kufikira pamene Dotolo Roscoe Brady wa ku America anawapeza m'cinthu cimene azamba kwathu kuno amakwirira pansi: nsengwa, ija imatuluka mwana atabadwa.

Woyamba kulemba za nthendayi anali Philippe Gaucher, dotolo wa ku Paris, amene mu 1882 anaona mai wa zaka 32 ali ndi kapamba wamkulu modabwitsa. Odwala amacepa magazi, amatopa msanga, amatuluka kamfuno pafupi-pafupi, ciwindi cimakula, mafupa amawawa ndi kuthyoka wamba, ndipo ana amapinimbira. Madotolo anali kuona zonsezi, koma gwero lake linali lobisika.

DZALA LA M'THUPI

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso tochedwa maselo. Mu 1955 katswiri wa ku Belgium, Christian de Duve, anapeza kuti m'maselo muli timatumba tochedwa lysosome, tokhala ngati dzala, m'mene zinthu zotha nchito zimatayidwa ndi kuphwanyidwa. Zimene zimaphwanyazo zimachedwa ma enzyme. Mai aliyense wophika thobwa anaionapo nchito yao: akathira cimera m'phala lolimba, phalalo limasungunuka, pakuti m'cimera muli ma enzyme.

Dotolo Brady, amene anabadwira ku Philadelphia mu 1923, anali kugwira nchito pa likulu la Boma lofufuza za matenda lochedwa National Institutes of Health, ku Bethesda. Mu 1965 iye ndi anzake anaonetsa kuti odwala nthenda ya Gaucher amaperewera enzyme imodzi yokha, yophwanya mtundu wina wa mafuta. Tsono mafutawo amangounjikana m'timatumba tija, mpaka kapamba, ciwindi ndi m'kati mwa mafupa mwadzaza. Mu 1966 anapeza gwero lotere la nthenda ya Niemann-Pick, ndipo mu 1967 la nthenda ya Fabry.

ZAKA 26 ZA KUPIRIRA

Maganizo ake anali akuti ngati thupi lisowa enzyme, wodwala apatsidwe yocokera kwina. Anaipeza m'nsengwa za anthu, naisefa mosamala. Mu 1974 analengeza kuti waiyesa pa odwala awiri. Mafuta a m'ciwindi anacepako, koma kuyesa kotsatira sikunaciritse odwala, cifukwa enzyme yambiri inali kulowa m'maselo ena, osati aja odzaza mafuta.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu lake linatha zaka likusintha enzyme ija, kucotsako timagawo tina ta shuga tokhala kunja kwake, kuti maselo odwalawo aziilandira. Mu 1983 inayamba kuperekedwa kwa mnyamata wa zaka 4 amene anali wodwala kwambiri. Magazi ake anaculuka, mimba inaphwa, nayamba kukula. Odwala ena okulirapo sanathandizike, ndipo apa panatuluka phunziro lakuti mlingo unali wokwanira thupi la mwana wamng'ono lokha. Ataonjezera mlingo ndi kuyesa pa odwala 12, mankhwalawo anagwira nchito. M'mwezi wa April 1991 Boma la America linawavomereza, ndipo kampani ya Genzyme inayamba kuwagulitsa pa dzina lakuti Ceredase. Panali patapita zaka 26 cipezere gwero la nthendayo.

Vuto linatsala. Mankhwala a wodwala mmodzi pa caka anali kufuna nsengwa pafupi-fupi 20,000. Mu 1994 kunatuluka ena ochedwa Cerezyme, opangidwa ndi maselo oweteredwa m'fakitale, ndipo nsengwa sizinafunikenso.

CIMENE ANASIYA

Matenda a m'gulu limeneli alipo oposa 50. Njira imene Dotolo Brady anatsegula inatsatidwa popanga mankhwala a ena mwa iwo, monga nthenda ya Fabry, ndi nthenda ya Pompe yofooketsa mtima ndi minofu ya makanda, imene mankhwala ake anavomerezedwa mu 2006. Nchito yake inathandizanso kuti matendawa azidziwika popima magazi. Mu 1982 analandira mphatso ya Lasker pamodzi ndi Mai Elizabeth Neufeld. Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 92.

Komabe mankhwalawa sacotsa nthenda. Wodwala amawalandira kupyolera m'mtsempha pa masabata awiri alionse kwa moyo wake wonse. Safika ku ubongo, motero mitundu ya nthendayi yoononga ubongo idakali kupha ana. Mtengo wake nawonso ndi woopsa, pakuti umafika madola zikwi mazana pa caka kwa munthu mmodzi, ndipo mabanja a m'maiko osauka sangaufikire popanda thandizo.

Phunziro lina lingalowe m'nyumba iliyonse popanda kulipira. Nthenda ya Gaucher imayenda monga ija ya sickle cell, yodziwika bwino m'Zambia muno: mwana amadwala pokhapo atatengera mbeu yake kwa bambo ndi mai omwe, ngakhale onse awiri ali bwino-bwino. M'banja lotero, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inai wakuti mwana abadwe wodwala. Si ufiti, ndipo si mlandu wa mai yekha. Mwana amene kapamba wake sakuphwa atamwa mankhwala a malungo asatemedwe mphini, koma abwerere naye ku cipatala kuti akapimidwenso.