WOIMBA WA KU BRAZIL AMENE SANATAYE NG'OMA ZA KWAO

Kodi nyimbo za kumudzi zimafa zikaimbidwa ndi magitala a magetsi? Funso limeneli linautsa mkangano waukulu ku Brazil, dziko la kutsidya kwa nyanja ya Atlantic kumene anthu amalankhula Cipwitikizi monga anansi athu a ku Mozambique. Pakati pa mkanganowo panali a Gilberto Gil.

A Gil anabadwa mu 1942 mu mzinda wa Salvador, koma anakulira kumidzi, ku Ituaçu m'cigawo ca Bahia. Ali mwana anali kumvetsera nyimbo za a Luiz Gonzaga, katswiri wa baião, kaimbidwe ka alimi a kumadera a cilala, ndipo anaphunzira kuliza akodiyoni monga iwo. Gitala anaigwira atasinkhuka.

Mu July 1967 oimba ena anaguba m'misewu ya mzinda wa São Paulo kukana gitala ya magetsi, poopa kuti idzapha mwambo. A Gil nawonso anaguba. Koma patapita miyezi itatu cabe, pa mpikisano wa nyimbo, iwo anaimba "Domingo no Parque" pamodzi ndi gulu la acinyamata la Os Mutantes. M'nyimboyo magitala a magetsi anatsata kalizidwe ka capoeira, masewera olimbana amene anayambidwa ndi akapolo ocokera ku Africa. Inatenga malo aciwiri, ndipo kaimbidwe kosakaniza kotere kanachuka ndi dzina lakuti Tropicália.

Boma la asilikali, limene linalanda ulamuliro mu 1964, silinakondwe ndi oimba omasuka cotere. Mu December 1968 a Gil anatsekeredwa m'ndende pamodzi ndi anzao a Caetano Veloso, ndipo mu 1969 anapitikitsidwa m'dziko nakakhala ku London. Paja akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Atabwerera mu 1972, cimbale cao cochedwa "Expresso 2222" anacitsegula ndi zitoliro za oimba a ku Caruaru, kumpoto cakum'mawa kwa dzikolo. Mu 1977 anafika ku Lagos, Nigeria, pa cikondwerero ca miyambo ca FESTAC, kumene anaona gwero la ng'oma zambiri za ku Bahia.

Kuyambira 2003 kufikira 2008 a Gil anali nduna yoona za miyambo, ndipo unduna wao unapereka ndalama kwa timagulu ta oimba ndi ovina ta m'midzi ndi m'makomboni. Munthu amene anamunenera kuti adzaononga mwambo ndiye anadzakhala woulera.