TIZILOMBO TOKANGAMIRA PA NSOMBA: KODI N'CIANI?

Amai ogulitsa nsomba zaziwisi m'misika ya ku Chawama, Kanyama ndi Matero amacidziwa bwino cinthuci. Nthawi zina pathupi pa nsomba pamalendewera kanthu konga ulusi, ndipo pamene kalowera m'mnofu pamakhala kacilonda kofiira. Wogula akakaona amabweza nsombayo pathebulo napita kwa wina, ndipo mai wogulitsayo amatsitsa mtengo kapena kubwerera nayo kunyumba.

Kanthuka si nyongolotsi ai. Akatswiri amakacha Lernaea, ndipo ndi kacibale ka nkhanu, ka m'gulu la tizilombo ta m'madzi tochedwa copepod. Tambiri ta m'gululi tiribe mlandu. Timangoyandama m'nyanja, ndipo ndito cakudya cacikulu ca kapenta wa ku Tanganyika, yemwe anatengedwa kukaikidwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968. Motero banja la m'komboni likamadya nsima ya kapenta, limadya mphamvu yocokera ku tizilomboti.

Kuti munthu asiyanitse tabwino ndi toipa pamafunika maikulosikopu, makina okuza zinthu zazing'ono, cifukwa toyandamato sitipitirira kweni-kweni mamilimita awiri. Woyeza amadontheza madzi a m'dziwe pakagalasi nayang'ana. Kamene kamadzidalira kokha kali ndi diso limodzi pakati pa mutu, thupi la mfundo-mfundo, ndi miyendo yopalasira, ndipo kamayenda modumpha-dumpha. Ngati tinyanga take titalika kufika kumcira, ndi ka mtundu wa calanoid. Ngati ndi tatifupi, ndipo kakakazi kanyamula timatumba tiwiri ta mazira, ndi ka cyclopoid.

Kodyera pa nsomba kamaoneka mwina. Lernaea wamkazi akakwatiwa amaboola khungu la nsomba, mutu wake numera nyanga zonga nangula mkati mwa mnofu. Thupi limatalika mpaka sentimita imodzi kapena ziwiri, mfundo zija zimafafanizika, ndipo cimene cimaululabe mtundu wake ndi timatumba tiwiri ta mazira kunsonga. Wina, Ergasilus, amabisala m'makha, momwe nsomba imapumira; tinyanga take tinasanduka mbedza zogwirira. Nsomba yodzala naye imabanika ndipo siikula.

Kunyanja zamcere nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Oweta nsomba za salmon ku Norway amataya cuma cambiri polimbana ndi nsabwe za m'nyanja, zomwe ziri copepod nazonso, ndipo Pennella, amene amakangamira pa anamgumi, amafika masentimita 30. Kuno kwathu, katswiri wa ku Britain, Geoffrey Fryer, anafalitsa zimene anapeza pa nsomba za m'nyanja ya Malawi mu 1956, ndi za m'nyanja ya Bangweulu mu 1959. Tizilomboti tinalipo kale madamu a alimi asanaculuke.

Wogula asade nkhawa: Lernaea sakhala m'thupi la munthu. Kudula pakacilondapo ndi kuphika nsombayo mpaka ipse bwino nkokwanira. Koma zilonda zazikulu zonyeka, zopanda kaulusi kaja, ndi nkhani ina. Zotere zinaoneka pa nsomba za mumtsinje wa Zambezi mu 2006 ndi 2007, ndipo zinadza ndi nthenda yochedwa EUS. Nsomba yotero siyenera kufika pamsika.

Amene ayenera kucenjera kwambiri ndi mlimi wa kumudzi amene nsomba zake zimadzagulitsidwa ku Lusaka. M'nyanja yaikulu kacilombo kakang'ono kamavutika kupeza nsomba yoti kakangamirepo, koma m'dziwe lothinana kamaipeza pomwepo, makamaka m'nyengo yotentha pamene mazira amaswa msanga. Nsomba zikayamba kudzikhula pamiyala ndi m'mbali mwa dziwe, mlimi agwire zingapo aziyang'ane pakhungu ndi m'makha. Kuzula tiulusi ndi dzanja sikuthetsa bvuto, pakuti ana ake atsala m'madzi. Mbeu yatsopano ya nsomba iyambe yasungidwa payokha isanasakanizidwe ndi yakale, ndipo atakolola, dziwe liphwetsedwe, liume ndi dzuwa, lithiridwe laimu. Zikapitirira, mlimi auze mlangizi wa Dipatimenti ya Nsomba, imene likulu lake liri ku Chilanga, ndipo amuonetse nsomba ikali yamoyo kapena itangofa kumene, cifukwa yoola siithandiza pa maikulosikopu.