Chimapha injini ya njinga yamoto n'chiyani?

Njinga zamoto zambiri za kabaza zomwe zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zili ndi injini zazing'ono, za pakati pa 100cc ndi 150cc, zomwe zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Moyo wa injini wagona pa lita imodziyi.

Mosiyana ndi galimoto, pa njinga zotere oyilo yemweyo ndiye amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi. Zilibenso rediyeta, zimazizira ndi mphepo basi. Choncho njinga ikaima nthawi yaitali pamdipiti wa magalimoto injini ikulira, kapena ikamakwera chitunda itasenza anthu atatu ndi thumba la chimanga, imatentha mopitirira muyezo ndipo oyilo amatha mphamvu msanga. Oyiloyo akachepa kapena akakhalitsa osasinthidwa, zitsulo zimayamba kupalana, kenako pisitoni imafufuma n'kukanirira mu silinda. Zikafika apa, injini iyenera kumasulidwa.

Mdani wachiwiri ndi fumbi, makamaka m'miyezi ya August mpaka November. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, kapena ikachotsedwa osabwezeretsa ina, timchenga timalowa n'kumadya maring'i a pisitoni pang'onopang'ono. Chizindikiro chake n'chosabisika: utsi wabuluu ku ekizozi, mphamvu kuchepa pachitunda, ndi oyilo yemwe amangotha chonsecho sakudontha paliponse. Ambiri amangowonjezera oyilo wina n'kupitiriza ulendo, ngati kuti utsiwo ndi chibadwa cha njingayo.

Petulo wogula m'zigubu mafuta akasowa amabweranso ndi zake, chifukwa madzi ndi zinyalala zimatseka kabureta. Pulagi ndi mavavu nazo zimafuna kuonedwa, koma izi sizidula.

Chovuta n'chakuti njinga ya kabaza siipuma. Kawirikawiri woyendetsa si mwini wake, ndipo amayenera kupereka ndalama yomwe anagwirizana tsiku lililonse, kotero maola awiri a kwa makaniko amawaona ngati ndalama yotayika. Mwini naye amaona njingayo madzulo, itazizira kale. Kuona mlingo wa oyilo m'mawa sikutenga ngakhale mphindi ziwiri, pomwe pisitoni, maring'i ndi silinda zimachokera kunja, ndipo mitengo yake idakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.